Chuma Chodutsa ndi Chuma Chogona ku Nkhotakota

Madzulo ano ndikufuna tiyendere limodzi ulendo wa kunyanja, ku boma la Nkhotakota. Inu a ku Mzimba, a ku Mulanje kapena a ku Mchinji musafulumire kutseka wailesi poyesa kuti nkhaniyi njaeni ake a m'mbali mwa nyanja okha, pakuti funso limene ndabwera nalo likhudza tauni iliyonse yaing'ono m'dziko muno. Funsolo nali: kodi zimatheka bwanji kuti dera limene lili ndi nthaka yachonde, madzi osaphwa, nsomba, mpunga, nzimbe ndi nyama zakutchire, zonsezi pamalo amodzi, likhalebe dera limene anyamata ake amachokako kukafuna ganyu ku Lilongwe ndi ku Joni?

Chandiyambitsa nkhaniyi ndi ichi. Mu Januwale 2021, dziko lathu linakhazikitsa masomphenya otchedwa Malawi 2063, amene anakonzedwa ndi bungwe la National Planning Commission. Masomphenyawo anakhazikika pa mafuwa atatu: ulimi wopindulitsa ndi wamalonda, mafakitale, ndi kukula kwa mizinda. Pa fuwa lachitatulo akatswiri anasankha malo 8 oti akuzidwe kufikira atakhala mizinda yothandizana ndi Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Malowo ndi Karonga, Nkhata Bay, Salima ndi Chipoka, Kasungu, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza, ndi Bangula. Mwamva nokha kuti dzina la Nkhotakota mulibe. Koma mukayang'ana pa mapu muona kuti Nkhotakota wazingidwa ndi atatu mwa osankhidwawo: Salima kumwera, Nkhata Bay kumpoto, Kasungu kuzambwe. Kukhala pakati chotero kungathe kukhala mwayi, kungathenso kumsandutsa njira chabe yodutsamo katundu wa anzake. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 390,000 m'boma limeneli, ndipo kwa anthu amenewo kusiyana kwa ziŵirizi si nkhani ya pa mapu ayi, ndi nkhani ya chimene adye ndi kumene ana awo akagwire ntchito.

Kuti timvetse bwino tiyenera kubwerera m'mbuyo, chifukwa Nkhotakota anaziwonapo kale zoterezi. Cha m'ma 1840 kunafika wamalonda wachiswahili wochokera kugombe la nyanja yamchere, dzina lake Salim bin Abdallah, amene anatchuka ndi dzina laufumu lakuti Jumbe. Iye anaona kuti pa Linga pali doko lobisika bwino ku mafunde a mwera, ndipo anakhoma zombo zoyendera mathanga zimene zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kunka kutsidya lakumvuma. Kuchokera kumeneko akapolowo ankayendetsedwa pansi ulendo wa miyezi kukafika ku Kilwa. David Livingstone anafikako mu 1861 ndi mu 1863, ndipo mkuyu umene anakambirana pansi pake ndi Jumbe alendo amakauonabe. Mu 1889 Harry Johnston anachita pangano ndi Jumbe wa nthaŵi imeneyo, ndipo pofika 1895 ufumu wa a Jumbe unali utatha. Masiku amenewo mudzi wa Kota Kota, monga Azungu ankalembera, unali ndi mbiri yakuti ndi umodzi mwa midzi yaikulu koposa m'chigawo chino cha Africa.

Chuma chimenecho chinali chamagazi, ndipo palibe munthu wamaganizo abwino amene angachilire. Koma taonani chimene chinatsala malondawo atatha. Minyanga inapita. Nsalu, mikanda ndi mfuti zimene zinkabwera posinthanitsa zinatha. Chimene chinatsala ndi chimene a Jumbe anabzalitsa kuti adyetse anthu awo: mpunga wa m'madambo. Minyanga inali chuma chodutsa, mpunga unali chuma chogona. Mawu aŵiri aŵa muwasunge, tiwafuna mpaka kumapeto.

Atsamunda atakhazikika, malonda anasintha njira. Njanje yochokera ku Blantyre inafika ku Chipoka ndi ku Salima mu 1935 nkuimira pomwepo, pafupifupi makilomita 110 kumwera kwa Nkhotakota. Katundu wa panyanja anayamba kutsikira kumene kuli njanje. Zofanana ndi zimenezi zinachitika ku Tanzania, kumene mudzi wotchuka wa Ujiji, umene unalinso doko la minyanga ndi akapolo pa nyanja ya Tanganyika, unazirala njanje itafika pa Kigoma mu 1914. Doko likakhala lolemera chifukwa cha katundu wa eni ake wongodutsa, tsiku limene katunduyo wapeza njira ina dokolo limatsala ndi mbiri yokha. Sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951, inkaima pa Nkhotakota, koma amuna ambiri a kumeneko chuma chawo anakachifuna ku Rhodesia ndi ku migodi ya ku South Africa. Dzina la tauniyo linali likadali lalikulu, kotero kuti msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress wa mu 1960 unachitikira komweko. Koma dzina silipuntha mpunga.

Titalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, Boma linaganiza zosendeza chitukuko kuchoka kumwera kupita pakati ndi kumpoto. Ndondomeko ya chitukuko ya zaka za 1971 mpaka 1980 inanena zimenezi poyera, ndipo likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975. M'zaka zomwezo Nkhotakota analandira sikimu ya mpunga wothirira ya Bua, ndiponso chinthu chachikulu koposa zonse, fakitale ya shuga ya ku Dwangwa, pafupifupi makilomita 55 kumpoto kwa boma. Fakitaleyo, imene inamangidwa mothandizana ndi kampani ya Lonrho, inayamba kupanga shuga mu 1979. Chaka cha 1978 Boma linali litakhazikitsa kale bungwe la Smallholder Sugar Authority loyang'anira alimi ang'onoang'ono a nzimbe, ndipo mu 1982 kampani ya Ethco inayamba kutcheza mafuta a ethanol kuchokera ku molasesi, madzi akuda aja otsala pophika shuga, mafuta amene amasakanizidwa ndi petulo. Mu 1997 fakitale ya shuga inapita m'manja mwa kampani ya Illovo.

Pa Dwangwa tiyenera kuimapo pang'ono, chifukwa pali phunziro limene sitingalipeze m'buku. Palibe amene anajambula tauni ya Dwangwa pa pepala monga anajambulira Lilongwe. Tauniyo inamera yokha ngati bowa pa chulu. Chinaimeretsa ndi malipiro. Anthu zikwizikwi ochokera m'maboma osiyanasiyana, odula nzimbe, oyendetsa mathirakitala, amakaniko ndi akalaliki, ankalandira ndalama pakutha pa mwezi, ndipo ndalamayo inafuna kodyera. Wodula nzimbe agula nsomba kwa mayi wa pamsika. Mayiyo alipira telala amene wasokera ana ake yunifolomu. Telalayo agula malata, naitana kalipentala. Kalipentalayo akwera kabaza popita kwawo. Kwacha imodzi yomweyo yagona m'matumba asanu isanachoke m'deralo, ndipo thumba lililonse ndi banja limene ladya. Umu ndi mmene tauni imakulira, ndipo nchifukwa chake lero munthu wofika pa Dwangwa amapeza mabanki, nyumba zogona alendo, owotcherera zitsulo ndi phokoso la malonda limene nthaŵi zina limaposa la pa boma penipeni.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse zinayenda bwino. Kuti nzimbe zibzalidwe, mabanja amene ankalima m'chigwa cha mtsinje wa Dwangwa anasamutsidwa, ndipo m'zaka zotsatira, pamene minda ya alimi a nzimbe inkakuzidwa, kwakhala mikangano ya malo imene inaŵaŵitsa anthu mitima. Tauni yomera yokha imameranso m'malo osayenera. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 mitsinje inasefukira, anthu anamwalira, zikwi zambiri zinathaŵira m'misasa, ndipo msewu wa M5 unaduka. Amene anali ndi golosale m'malo otsika anataya m'usiku umodzi mpamba umene anaunjika zaka khumi. Palinso china. Fakitale imodzi ndi mwendo umodzi. Makina ake, feteleza wake ndi zipangizo zake zambiri zimachokera kutali, ndipo phindu lalikulu limapita kwa eni masheya, ena a m'dziko muno, ena a kunja, pakuti kuyambira 2016 gulu lonse la Illovo mwini wake ndi kampani ya ku Britain ya Associated British Foods. Sindikunena izi mwa kudandaula, pakuti woika ndalama zake amayembekeza phindu. Ndikungofuna tizindikire kuti chogona pa Dwangwa kwenikweni ndi malipiro a antchito ndi ndalama za alimi a nzimbe. Zina zonse zimakwera malole.

Tsono tibwere ku mpunga, chuma chija chimene ndinati chinagona. Kodi chikugonabe? Ine ndili ndi azakhali anga amene amalima mpunga kudambo lina kufupi ndi nyanja. Chaka china ndinawachezera mwezi wa Juni, atangomaliza kumweta ndi kuomba. Ndinapeza venda ataimika sikelo yake pansi pa mtengo wa mango, ndipo azakhaliwo anagulitsa mpunga wawo wonse wosapuntha, kungosiya wa mbewu ndi wa phala la ana. Nditawafunsa chifukwa chake sanadikire kuti mtengo ukwere, anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Mwana wa achimwene, kodi wa katapila amadikira? Nanga aphunzitsi aakulu amadikira?" Patapita miyezi isanu ndi umodzi ndinaloŵa m'sitolo ina ku Lilongwe nkugula mpunga wa fungo lomwe lija, wopunthidwa bwino, wosankhidwa, uli m'kathumba kokongola. Mtengo wake unandikumbutsa sikelo ija ya pansi pa mango, ndipo nsima ya tsikulo sinandikomere.

Tiyeni tiŵerengere pamodzi. Mukapuntha makilogalamu 100 a mpunga wa mankhusu mumapeza pafupifupi makilogalamu 65 a mpunga woyera. Otsalawo si zinyalala. Madeya ake ndi chakudya cha nkhuku ndi cha nsomba za m'maiŵe, ndipo mankhusu amaotcha njerwa m'malo mwa nkhuni. Mpunga wosweka uli ndi msika wakewake, wosasweka uli ndi mtengo wapamwamba. Pali ntchito ya woyendetsa chigayo, ya wosankha, ya wosoka matumba, ya wonyamula, ya mlonda wa nkhokwe, ya kalaliki wolemba malisiti. Mpunga ukachoka ku Nkhotakota uli m'mankhusu, ntchito zonsezi zimakwera nawo lole imodzimodziyo kukagona ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Zigayo zazing'ono zopunthira mpunga zilipo m'misika, ndithu, koma zambiri zimaswa mpunga ndipo sizisiyanitsa wabwino ndi wosweka. Alimi nafenso tili ndi mlandu wathu: tikasakaniza kilombero ndi faya ndi mitundu ina m'thumba limodzi, wogula wamkulu amatipatsa mtengo wa mtundu wotsika.

Kale msika wa mbewu unali m'manja mwa ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971. Mu 1987 Boma linalola amalonda wamba kugula mbewu kwa alimi, ndipo pang'onopang'ono venda analoŵa m'malo mwa kalaliki wa pa depoti. Ambiri amatukwana venda. Ine sindimtukwana kwambiri, pakuti ndiye yekha amene amafika kumudzi ndi ndalama m'manja tsiku limene mlimi wapanikizika. Venda amalemera ndi zinthu ziŵiri zimene mlimi alibe: malo osungira mbewu ndi ndalama yodikirira. Alimi akakhala m'kopaletivi yokhala ndi nkhokwe youma, ndipo banki ikavomera kuwabwereketsa ndalama poona mpunga uli m'nkhokwemo ngati chikole, ngongole ya katapila ikhoza kubwezedwa mu Juni mpunga nkugulitsidwa mu Disembala. Izi si maloto. Makopaletivi ena a mpunga m'dziko muno amapuntha ndi kuika m'matumba a dzina lawo. Koma kopaletivi imafa msanga ngati msungichuma ndi mlamu wa wapampando ndipo mabuku saŵerengedwa pamaso pa onse, ndipo zoterozo taziona kokwanira.

Za nsomba sindichulutsa, chifukwa nkhani yake ndi yomweyo. Chambo chinachepa, ndipo usipa ndiwo wachuluka pa zimene asodzi amakola m'nyanja ya Malaŵi masiku ano. Nthaŵi ya dzinja usipa ukagwidwa wambiri dzuŵa nkusoŵa, umaolera pa thandala. Wa pa mlatho wa Chia amene wagwira nsomba yaiŵisi m'manja kudikira galimoto, dzuŵa likamapendeka amatsitsa mtengo yekha, chifukwa nsomba sigona. Madzi oundana ndi nyumba zoumitsira nsomba zofoleredwa ndi pulasitiki ndizo zimapatsa msodzi mphamvu yokana mtengo wachipongwe.

Chigayo chabwino ndi makina oundanitsa madzi zonse zimafuna magetsi. Apa pali chinthu chodabwitsa. Mu 2023 ku Nkhotakota kunayamba kugwira ntchito malo opangira magetsi a dzuŵa a mphamvu ya mamegawati 21. Magetsiwo amaloŵa m'mawaya aakulu a ESCOM nkugaŵidwa m'dziko lonse, monga kuyenera. Koma kwa mwini chigayo wa ku Mwansambo kapena wa ku Benga, funso si lakuti magetsi akupangidwa kuti. Funso lake ndi lakuti thiransifoma ili pati, mawaya amphamvu yoyendetsa makina afika liti pa malo ake, ndipo pa sabata azizima kangati. Ngakhale dzuŵa lingathe kukhala chuma chodutsa.

Chimodzimodzinso nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, imene kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,800. Bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Nzochititsa chidwi kuti dera limene kale linkatumiza minyanga kunja tsopano likulandira njovu zamoyo. Mlendo wodzaona njovuzo amadya mazira, tomato, nkhuku ndi mpunga. Zikagulidwa ku Lilongwe nkubwera m'galimoto imodzi ndi mlendoyo, mudzi woyandikana ndi mpanda umangoona fumbi. Koma mwini malo ogona alendo sangagule kwa mlimi amene lero ali ndi mazira, maŵa alibe. Pamenepa pafunika alimi ogwirizana amene angalonjeze nkusunga lonjezo sabata ndi sabata.

Ena mwa inu mukuti: zonsezi zifuna mpamba, nanga Boma bwanji osatibwereketsa? Boma layesapo kambiri. M'zaka za m'ma 1970 amalonda achimwenye analamulidwa kuchoka m'madera a kumidzi kuti Amalaŵi atenge masitolo, koma masitolo ambiri anatsekeka chifukwa eni atsopanowo analibe mpamba kapena wowapatsa katundu pangongole. Mu 1982 kunabwera bungwe la SEDOM lothandiza amalonda ang'onoang'ono, mu 2005 thumba la MARDEF, ndi ena otsatira pambuyo pake. Ngongole zambiri zoterezi zakhala zazing'ono ndi zobweza msanga, ndipo zina zinaperekedwa poyang'ana mtundu wa nsalu ya chipani. Ngongole yobweza m'miyezi yoŵerengeka imakwana kuoda tomato kapena kaunjika, ndipo mapeto ake anthu makumi aŵiri amakhala pamzere umodzi kugulitsa chinthu chimodzimodzi kwa ogula omwe aja. Makina opunthira ndi kusankha mpunga amabweza ndalama yake m'zaka zingapo, ndipo amagulidwa kunja. Pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene ankasonkha ndalama yogulira makina anadzuka mmaŵa nkupeza kuti chimene anasunga chafupika. Banki m'khonde yathandiza amayi ambiri kugula mbuzi ndi malata, ndipo ndiilemekeza, koma singagule fakitale.

Tsono mphamvu ili kuti? Ina ili ku Lilongwe, monga ya misewu, ya magetsi ndi ya chiongoladzanja cha mabanki. Koma ina inabwera pafupi. Lamulo la maboma aang'ono la mu 1998 linapatsa makhonsolo udindo wa misika, wa ziphaso za malonda ndi wokonza mapulani a chitukuko cha madera awo. Khonsolo ingathe, mogwirizana ndi mafumu monga a Malengachanzi, a Kanyenda, a Mphonde ndi a Mwadzama, kupatula malo okwera, osafikako madzi osefukira, kuwayeza, kulambula msewu, nkuuza a magetsi ndi a madzi kuti apa ndi pamene zigayo, mosungira nsomba ndi mokonzera makina zidzakhale. Munthu amene ali ndi pepala la malo ake amalimba mtima kumanga ndi njerwa zootcha, ndipo banki imamumvera. Wopanda pepala amamanga chisakasa, chifukwa sadziŵa tsiku limene adzauzidwe kuti asamuke. Mayi amene amadula chiphaso cha msika tsiku ndi tsiku ali ndi ufulu wofunsa khansala wake kuti mwa ndalamazo zingati zabwerera pamsikapo monga denga, chimbudzi ndi mpopi. Misonkhano ya khonsolo yokambirana za ndalama si yachinsinsi. Ndi angati mwa ife amene tinapitako?

Boma lakhala likukonzanso zigawo za msewu wa M5, ndipo aliyense amene anathyokerapo chitsulo cha galimoto m'maenje a pakati pa Benga ndi Dwangwa adzakondwa ntchitoyo ikadzatha. Koma msewu ulibe mbali. Phula losalala lidzathamangitsa lole ya mpunga wosapuntha monga momwe lingathamangitsire lole ya mpunga wa m'matumba olembedwa dzina la Nkhotakota. Lidzabweretsanso katundu wa ku Salima ndi ku Kasungu wodzapikisana ndi wa pamalopo, makamaka mizinda imeneyo ikadzayamba kukula monga mapulani akunenera. Chimene chidzakwere malolewo chikusankhidwa tsopano, phula lisanaume.

Azakhali anga aja chaka chatha analoŵa m'gulu la alimi anzawo khumi ndi aŵiri. Anachita lendi chipinda cha simenti kuseri kwa sitolo ina yakale, nasungamo matumba awo mpaka Novembala. Mbeŵa zinaboola matumba aŵiri, ndipo mmodzi wa iwo anatulutsa ake mu Ogasiti chifukwa cha maliro. Otsalawo anapunthitsa pa chigayo cha pamsika nagulitsa woyera. Nditawafunsa ngati chaka chino abwerezanso, anati akufunafuna chipinda chokhala ndi chitseko chachitsulo, ndipo anandituma kuti ndikawafunsire mtengo wa sikelo ku Lilongwe, chifukwa safunanso kuyezera pa ya wogula.